Mafuta a M'chiwaya Angathe Kuyendetsa Chigayo



Dizilo yense amene timathira m'malole, m'mathirakitala, m'majenereta ndi m'zigayo m'dziko muno amachokera kunja. Amatsika m'sitima ku Beira, ku Nacala kapena ku Dar es Salaam, n'kuyenda ulendo wautali kuti atipeze, ndipo timamugula ndi ndalama zakunja zomwe sizitikwanira. Zotsatira zake munaziona ndi maso: mizere ya magalimoto ya mu 2011 ndi 2012, imene inabweranso kuyambira mu 2022, anthu kugona pamalo omwetsera mafuta, amayi kubwerera ndi chimanga pamutu chifukwa chigayo chazima. Pamizere yotereyi sipalephera munthu wofunsa kuti, kodi sitingathire mafuta a mpendadzuwa m'injini? Funsoli si lopusa ayi, ndipo ndi limene latisonkhanitsa lero.

Anayamba kulifunsa ndi anthu akale ndithu. Pa chionetsero chachikulu cha ku Paris mu 1900, injini ya mtundu umene anatulukira Rudolf Diesel inalira ikumwa mafuta a mtedza. Boma la France ndi limene linapempha kuti ayesere, chifukwa linkafuna mphamvu zoyendetsera makina m'maiko a mu Africa amene linkawalamulira, kumene mtedza unali wosasowa. Koma amene anapeza njira imene tikugwiritsa ntchito lero ndi Georges Chavanne wa pa yunivesite ya Brussels. Mu 1937 boma la Belgium linamupatsa chiphaso cha umwini wa njira yosandutsira mafuta a kanjedza kukhala mafuta opepuka oyenera injini, amene lero timawatcha bayodizilo, ndipo mu 1938 basi yonyamula anthu inayenda ndi mafutawo pakati pa Brussels ndi Leuven. Kenaka mafuta a pansi pa nthaka anatsika mtengo, nkhaniyi n'kugona kwa zaka zambiri.

Chifukwa chiyani Chavanne anavutika kusintha mafutawo, pamene injini ya ku Paris inamwa a mtedza osasinthidwa? Amakaniko ali muno akudziwa kale. Injini ya dizilo ilibe mapulagi oyatsira moto. Imapanikiza mpweya mpaka utatentha kwambiri, kenaka nozo imapopera mafuta mu mpweya wotenthawo kudzera m'timabowo tating'ono kwambiri, ndipo mafutawo amayenera kumwazika kukhala nkhungu kuti apse onse. Mafuta ophikira ndi okhuthala pafupifupi kakhumi kuposa dizilo. Akafika pa nozo satuluka ngati nkhungu, amatuluka madontho akuluakulu amene sapsa bwino. Injini imalira ndithu sabata yoyamba, mwini wake n'kumasangalala. Pakapita miyezi, manozo atsekeka ndi mwaye wolimba, maling'i a pisitoni amatirira, ndipo mafuta osapsa atsikira m'oyilo n'kumusandutsa phala. Ndalama imene munapulumutsa pa dizilo imathera kwa makaniko.

Kukhuthalaku kumachokera m'kapangidwe ka mafutawo. Kachigawo kakang'onong'ono ka mafuta a mbewu iliyonse, kaya mtedza, soya, thonje kapena mpendadzuwa, kali ndi timaunyolo titatu tatitali ta asidi wa mafuta, tonse tomangirira pa mutu umodzi. Mutuwo ndi gilisalini, yemwe uja amayi amadzola nthawi yozizira. Taganizirani mbuzi zitatu zomangidwa pa chingwe chimodzi zikufuna kulowa pa khomo lopapatiza la khola: zimapanikizana, zimakolana, zimachedwa. Mukazimasula, iliyonse imadutsa payokha mosavuta. Ntchito yonse yopanga bayodizilo ndi imeneyo. Timamasula timaunyolo titatu tija ku gilisalini, ndipo kumapeto kwa kalikonse timalumikizako kachigawo kakang'ono ka mankhwala otchedwa methanol. Zotsatira zake ndi mafuta opepuka amene kukhuthala kwake kwayandikira kwa dizilo, pamene gilisalini amatsala payekha. Mwa kuwerengera kwachidule, makilogalamu 100 a mafuta ndi makilogalamu 10 a methanol amapereka makilogalamu 100 a bayodizilo ndi makilogalamu 10 a gilisalini.

Koma mukathira methanol m'mafuta n'kungosiya, palibe chimene chichitike chooneka. Ziwirizi sizisakanikirana n'komwe. Pamafunika katalisiti, mankhwala amene amafulumizitsa kusinthako koma iwo osakhala mbali ya mafuta otulukawo. Odziwika kwambiri ndi awiri: sodium hydroxide, amene tonse timamudziwa kuti kositiki soda wopangira sopo, ndi mnzake potassium hydroxide. Soda akasungunuka mu methanol amapanga methoxide, ndipo methoxide ndiye amene amakadula mfundo yolumikiza unyolo ku gilisalini. Akadula, amabadwanso n'kupita pa mfundo ina. N'chifukwa chake timagalamu tochepa timakwanira chigubu chonse.

Tiyeni titenge chigubu cha malita 20 cha mafuta atsopano, oyera bwino. Mufunika malita 4 a methanol, kutanthauza mamililita 200 pa lita iliyonse. Umenewu ndi wochuluka pafupifupi kawiri kuposa umene umalowadi m'mafuta, ndipo timaonjezera dala kuti kusinthako kukankhidwe mpaka kumapeto, kusabwerere m'mbuyo. Kositiki soda mufunika magalamu 3.5 pa lita, onse pamodzi magalamu 70. Sodayo mumayamba mwamusungunula mu methanol m'chotengera chotseka bwino. Mafuta mumawatenthetsa kufika pa madigiri 55 mpaka 60, osapitirira, chifukwa methanol amawira pa madigiri 65 ndipo akhoza kukuthawani ngati nthunzi. Mukathira methoxide mumatakasa kwa ola limodzi chotengera chili chotseka. Mafuta aja amayamba achita mbuu, kenaka amadera pang'ono n'kupepuka. Mukazimitsa makina mumasiya usiku wonse. M'mawa mumapeza magawo awiri olekana bwinobwino: pansi pali gilisalini wakuda, wolemera, ndipo pamwamba pali mafuta achikasu. Mumatsegula mpopi wa pansi kuti wakudayo atuluke.

Apa ndi pamene ambiri amapupuluma. Mafuta apamwambawo akadali ndi sopo, soda ndi methanol wotsala, ndipo zonsezi zimadya zitsulo za pampu. Ayenera kutsukidwa ndi madzi ofunda, owazidwa pang'onopang'ono pamwamba kuti atsike okha ndi zoipazo. Madzi oyamba amatuluka oyera ngati mkaka, ndipo mumabwereza mpaka atatuluka mbee. Kenaka mumaumitsa mafutawo powatenthetsa mpaka muzitha kuwerenga zilembo za nyuzipepala kudzera m'botolo. Pali kayesedwe kosavuta kamene aliyense angachite: thirani mamililita 3 a mafuta anu mu mamililita 27 a methanol n'kukhutchumula. Bayodizilo weniweni amasungunuka yense. Mukaona timadontho tatsalira pansi, dziwani kuti ena mwa mafutawo sanasinthike, ndipo musawathire m'injini.

Ndikhalitse pang'ono pa sopo, chifukwa ndiye mdani wamkulu wa ntchitoyi. Soda amene tikumutuma kukadula timaunyolo ndi yemweyo amene amayi a m'magulu amapangira sopo wochapira, ndipo akapeza mpata amabwerera ku ntchito yakeyo. Mipata yake ndi iwiri. Woyamba ndi madzi: mafuta kapena methanol zikakhala ndi madzi ngakhale pang'ono, soda amayamba kupanga sopo. Wachiwiri ndi asidi womasuka. Mafuta akakazingiridwa kambirimbiri, kapena mbewu zikasungidwa pachinyontho, timaunyolo tina timaduka tokha n'kumayandama, ndipo soda akakumana nato amatisandutsa sopo nthawi yomweyo, iye n'kuthera pomwepo. M'mawa m'malo mwa magawo awiri mumapeza chiphalaphala chimodzi chonanda, chosathandiza m'injini ngakhale pochapa.

Choncho mafuta akale amayamba asefedwa, n'kutenthetsedwa kuti madzi onse achoke, kenaka n'kuyezedwa asidi. Kuyezako sikufuna labotale yaikulu. Mumasungunula galamu imodzi ya soda mu lita imodzi ya madzi otchezedwa othira m'batire. Pambali mumasungunula mililita imodzi ya mafuta mu mamililita 10 a isopropyl alcohol, n'kudonthezamo mankhwala otchedwa phenolphthalein. Ndiye mumadontheza madzi a soda aja ndi sirinji, uku mukugwedeza, mpaka mtundu wa pinki utakhazikika. Mamililita amene alowa ndiwo magalamu oonjezera pa lita iliyonse. Akalowa 3, ndiye kuti lita ifuna magalamu 6.5, ndipo chigubu chathu chija chifuna 130 m'malo mwa 70. Asidi akachulukitsa, soda yekha sangathe. Pamenepo amayamba ndi katalisiti wa mtundu wina, sulphuric acid, amene amasandutsa asidi womasukayo kukhala bayodizilo popanda kupanga sopo, kenaka n'kumalizitsa ndi soda. Sulphuric acid payekha akhoza kugwira ntchito yonse, koma amachedwa kwambiri ndipo amadya zitsulo, n'chifukwa chake amangomupatsa gawo loyambalo.

Pa soda ndi potassium hydroxide, ine ndimakonda wachiwiriyu ngakhale amafunika wochulukirapo ndipo ndi wodula. Amasungunuka msanga mu methanol, gilisalini wake salimba m'mapaipi, ndipo zotsalira zake zikaphedwa mphamvu ndi phosphoric acid zimapereka mchere wa potaziyamu ndi fosifolasi umene ndi feteleza.

Potaziyamu ameneyu si mlendo kwa ife. Chidulo chimene agogo athu amatcheza pa phulusa kuti aphikire therere chimatelera m'manja chifukwa cha potassium carbonate. Ofufuza m'maiko angapo ayesa phulusa la makoko a nthochi ndi la zinyalala zina za m'munda ngati katalisiti, ndipo latulutsa bayodizilo. Ena amawotcha zikamba za mazira pa moto wa madigiri 800 mpaka 900 kuti zisanduke calcium oxide. Ubwino wa akatalisiti olimba otere ndi wakuti sasungunuka m'mafuta: mumawasefa n'kuwagwiritsanso ntchito, madzi otsukira amachepa, gilisalini amatuluka woyera. Ku Sète m'dziko la France kunatsegulidwa fakitale yogwiritsa ntchito katalisiti wolimba mu 2006. Kuipa kwa akatalisitiwa n'kwakuti amachedwa, amafuna methanol wambiri, ndipo mphamvu ya phulusa imasiyana malinga ndi chimene mwawotcha. Musakathire chidulo cha m'khitchini m'mafuta, poti ndi madzi okhaokha ndipo mupanga sopo. Koma ophunzira a sayansi muli muno, nayi ntchito yokuyenerani: zitsononkho, makoko a mtedza ndi makoko a nthochi tili nazo zambiri, ndipo tikufunika kudziwa kuti phulusa lake, litawotchedwa pa moto wotani, lingagwire ntchito bwanji pa mafuta athu.

Tsopano mundimvetsere bwino, chifukwa apa pali moyo wa munthu. Methanol amaoneka ngati kachasu ndipo fungo lake silisiyana kwenikweni, koma ndi poizoni. Mamililita 10 okha akhoza kuchititsa munthu khungu, ndipo 30 akhoza kupha. Amalowanso m'thupi kudzera pakhungu ndi m'mapapo, ndipo akayaka masana lawi lake silioneka. Chigubu cha methanol chizikhala cholembedwa, chokhomeredwa, kiyi ali ndi munthu mmodzi. Methoxide amawotcha khungu, ndipo akagwera m'diso amaliwononga. Magolovesi, magalasi oteteza maso, ndowa ya madzi pafupi, malo opita mphepo, ndipo pasakhale mbaula kapena fodya. Musagwiritse ntchito mapoto athu a aluminiyamu kapena ndowa za malata, chifukwa soda amazidya n'kutulutsa mpweya wa hydrogen umene umaphulika. Gilisalini wakuda uja ali ndi methanol ndi soda: asadzoledwe, asapatsidwe ziweto, asatayidwe mumtsinje. Ntchito imeneyi si ya kuseri kwa nyumba kumene kukusewera ana. Ndi ya gulu lophunzitsidwa, lokhala ndi malo akeake ndi chilolezo cha bungwe loyang'anira za mphamvu la MERA, ndipo mafuta ake aziyezedwa ndi a Malawi Bureau of Standards.

Methanol timaitanitsa kunja, koma ethanol timapanga tokha kuchokera ku zotsalira za nzimbe, ku Dwangwa kuyambira mu 1982 ndi ku Chikwawa kuyambira mu 2004, ndipo takhala tikumusakaniza ndi petulo zaka zonsezi. Ethanol amathanso kugwira ntchito ya methanol, ndipo ndi amene Chavanne anagwiritsa ntchito. Ndi wovutirapo: ayenera kukhala wopanda madzi, ndipo gilisalini amachedwa kulekana ndi mafuta. Komabe dziko limene lili kale ndi mafakitale awiri a ethanol likuyenera kuika mtima pa njira imeneyi.

Kwa eni injini, zoyenera kudziwa ndi zochepa. Lita ya bayodizilo ili ndi mphamvu yocheperako, pafupifupi ndi magawo 8 pa 100, poyerekeza ndi dizilo. Amatsuka litsiro lakale la m'thanki, motero sefa ya mafuta imatsekeka msanga masiku oyamba. Amafewetsa mapaipi a labala a injini zakale. Wochokera ku mafuta a kanjedza amayamba kuundana kukazizira kufika cha m'ma madigiri 15, zomwe a ku Dedza ndi ku Mzuzu ayenera kukumbukira mu June ndi July. Yambani ndi kusakaniza, gawo limodzi la bayodizilo pa magawo anayi a dizilo.

Mwaona kuti sayansi yake ndi yodziwika, ndipo munthu wakhama angaiphunzire m'masabata ochepa. Chimene chagwetsa ntchito zambiri za bayodizilo mu Africa si katalisiti. Ndi funso lakuti mafutawo achokera kuti.

Cha m'ma 2005 mpaka 2010 dziko lonse linatengeka ndi msatsimanga. Ankati umamera paliponse, sufuna mvula, sufuna feteleza, ndipo poti njere zake ndi zapoizoni sulimbana ndi chakudya. Kumera umameradi pouma, koma kuti ubereke njere zokwanira umafuna nthaka yabwino ndi madzi ngati mbewu ina iliyonse. Ku Tanzania, kampani ya Sun Biofuels inatenga mahekitala oposa 8,000 m'boma la Kisarawe, n'kugwa mu 2011, anthu a m'midzi atataya kale malo awo. Ku Zimbabwe boma linatsegula fakitale yaikulu ya bayodizilo ku Mount Hampden mu 2007, koma inasowa njere zoti igaye. Kuno kwathu kampani ya BERL inalimbikitsa alimi kudzala msatsimanga m'malire a minda ngati mpanda, nzeru imene inali yabwino kusiyana ndi kulanda minda ya chimanga. Koma njere za mu mpanda zimabwera pang'onopang'ono, ndipo kuzitolera khomo ndi khomo kumadya ndalama.

Maiko amene zawayendera ali ndi mafuta osefukira. Indonesia inafika posakaniza magawo 30 pa 100 mu 2020, 35 mu 2023 ndi 40 mu 2025, chifukwa kanjedza amapereka matani oposa 3 a mafuta pa hekitala, pamene soya amapereka pafupifupi theka la tani. Mtengo wake alipira ndi nkhalango za ku Sumatra ndi ku Borneo. Ndipo ngakhale kumeneko, mu April 2022 boma linaletsa kwa masabata atatu kugulitsa mafuta a kanjedza kunja chifukwa mafuta ophikira anasowa m'masitolo a dziko lomwelo. Brazil inayamba kukakamiza magawo 2 pa 100 mu 2008 n'kumakwera pang'onopang'ono, itatsamira pa minda yake ikuluikulu ya soya. Ife sitili pamenepo. Mafuta ophikira sitikwanitsa kudzipangira, ena timaitanitsa kunja, ndipo mabanja ambiri amagula a m'timapepala tomanga, okwanira ndiwo za tsiku limodzi. Kutenga mafuta a mpendadzuwa kapena a mtedza n'kuwathira m'thanki, pamene mwana akudya ndiwo zopanda dontho la mafuta, ine sindingavomereze, ndipo ngakhale pa masamu a malonda sizipindula.

Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Mafuta amene tili nawo kale m'manja ndi ogwiritsidwa ntchito. Imani pa chiwaya chilichonse pa depoti ya mabasi madzulo muyang'ane pakati pake. Mafuta amene m'mawa anali achikasu asanduka akuda, akuchita thovu m'mbali, akufuka utsi tchipisi chisanalowe n'komwe. Mnyamata wa chiwaya sawataya, amangothirapo ena pamwamba, chifukwa kutaya n'kutaya mpamba. M'mahotela ndi m'malesitilanti, mafuta otsala nthawi zambiri amatuluka pa khomo la kuseri n'kukagulitsidwa kwa okazinga mandasi ndi zitumbuwa. Mafuta otenthedwa mobwerezabwereza chotere amakhala ndi zinthu zowononga thupi, ndipo amene amawadya ndi anthu osauka ndi ana a sukulu. Wina akamawagula pa mtengo wabwino kuti akapange bayodizilo, wa chiwaya apeza chifukwa chosinthira mafuta msanga, ndipo akudawo apita m'injini m'malo mopita m'mimba. Mzinda wa Graz ku Austria unayamba mu 1994 kuyendetsa mabasi ake ndi bayodizilo wochokera ku mafuta ophikira ogwiritsidwa kale ntchito, ndipo mzinda wa Kyoto ku Japan unachita chimodzimodzi ndi magalimoto ake otola zinyalala kuyambira mu 1997.

Sindikunena kuti mafuta a m'ziwaya athetsa mizere ya dizilo m'dziko lonse. Sangathe, ndi ochepa. Koma chigayo chimodzi, pampu imodzi yothirira mbewu, jenereta ya pachipatala chaching'ono, zimenezo angathe kuziyendetsa pa sabata imene thanki ya pamalo omwetsera mafuta yauma. Pamwamba pa amenewa tingaonjezere mafuta osadyedwa: a msatsimanga wa m'mipanda imene ilipo kale, ndi a mbewu zimene zaonongeka posunga.

Pempho langa ndi ili. A makhonsolo a mizinda ya Lilongwe, Blantyre, Mzuzu ndi Zomba, ikani lamulo lakuti mahotela ndi malesitilanti azipereka mafuta otsala kwa otolera ovomerezeka, osati kuwabwezera pamsika. Aphunzitsi a m'sukulu za ntchito zamanja, ikani phunziroli m'kalasi, ndipo muyambe ndi la chitetezo. Inu a m'magulu ndi m'makopaletivi, musathamangire kugula makina. Yambani mwayenda m'dera lanu ndi kope, mulembe malita amene chiwaya chilichonse ndi lesitilanti iliyonse ingakupatseni pa sabata, muyeze asidi wake, ndipo muyesere lita imodzi yokha pamaso pa munthu wodziwa. Lita imeneyo ikalekana bwino n'kupambana mayeso, pamenepo ndiye mukambe za chigubu cha malita 20.